Wezulo Yanu Ili M'mimba mwa Galu

Bambo a ana,

Musavutike n'kugudubuza mipando, wezulo yanu yoyimbira mpira sinasowe. Ili m'mimba mwa galu wathu Kapitawo. Ndamupeza pakhonde chingwe chake chikulendewera kukamwa, ndipo pomwe ndimati ndichikoke, n'kuti atameza kale zonse. Wolakwa musamufunire kutali. Dzulo munaigwira ndi manja a mafuta a nyama n'kuisiya pampando. Galu sadziwa kuti ichi n'cha ntchito, iye amangotsata fungo.

Wasanza kawiri ndipo akukana ngakhale madzi, ndiye ndikuthamangira naye kwa dokotala wa ziweto. Mtima m'malo, galu amene anameza sokosi yanu n'kukhalabe moyo sangafe ndi kawezulo. Koma sindingadikire kuti mubwere.

Masewero a masana ano musajombe. Pitani kwa alonda a pasukulu, ndayankhula nawo kale, akubwerekani yawo. Muwabwezere dzuwa lisanalowe, akuti akuba sathawa mluzu wapakamwa. Yunifolomu ndasita, ili kuseri kwa chitseko. Khadi lofiira Kapitawo walitafuna pakona, koma kufiira kulipobe, wopalamula aliona ndithu.

Ana musawakalipire, nkhaniyi sikuwakhudza. Pepani, chakudya mutenthetse nokha, manja muli nawo.

Dokotala pafoni akuti wezuloyo ituluka basi, kaya ndi kumtunda kaya ndi kumunsi. Ine ndibwera nayo yotsukatsuka. Zoti mudzaiikanso pakamwa, mudziwa nokha.

Ndine,
Mayi a ana