Nkhombe ya Zuze

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ndilipo, koma mawondo ayamba mwano. Wagwira lapi yolembera ndi Luwiza, mwana wa Rozina wanga, amene anaphunzira kwa apadiri, ansembe a ku mishoni. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakometse, asadumphe, ngakhale pamene pamuwawe.

Chimanga chachita bwino chaka chino, nkhokwe yadzaza mpaka denga. Thonje la boma lokha ndilo likutithyola msana, asipayi, apolisi a bomawo, sakusowa pakhomo. Rozina wabereka wamwamuna, mphuno ndi yanu yeniyeni. Mbiya ndikuumbabe, ndipo kuchokera kuno mpaka ku Mualadzi palibe mkazi amene angaike yake pafupi ndi yanga. Ndikunena poyera, pakuti manjawa munaphunzitsa ndinu.

Tsopano imvani chimene ndakulemberani. Mukukumbuka nkhombe za pa dziwe la Kamwala, zija za zigoba ziwiri zotsekana, zofiirira m'kati, zimene tinkapalira mbiya? Munkati, "Woumba satola yamoyo. Amadikira katumbu adye, iye atole mbale." Ndiye inabwera njala ija ndili mtsikana, anthu nalowa m'dziwe ndi makasu, nakumba zonse, naphika. Kuyambira pamenepo palibe anaonanso ngakhale imodzi. Chigoba chanu chomaliza tinakuikani nacho m'manda, ndipo ine zaka zonsezi ndakhala ndikupala ndi chibenthu cha chikho ngati wophunzira.

Mwezi wathawu kwabwera Zuze, mnyamata wa kutsidya, amene anali pa ntchito ku doko la Beira. Akufuna Luwiza. Ankhoswe ake asanafike n'komwe, iye wandigwadira pakhomo, nsapato zili mbee, n'kutulutsa chigoba m'thumba. Akuti wachitola pa Kamwala.

Amayi, ndinachitenga n'kuchiyang'anitsitsa. Kukula kwake komweko, kufiirira kwake komweko. Koma ndinakumbuka mawu anu aja: "Mlendo akakupatsa chimene umalirira, funsa amene anamuuza kuti umalira." Munthu wochoka kunyanja ya mchere, kumene akuti zigoba zimangoti mbwee pamchenga, abwere adzatole pa dziwe lathu chinthu chimene ife eni ake tachisowa moyo wonse? Ndinachinyambita iye akuona, kufuna kumva mchere. Mchere panalibe. Komanso wochenjera angathe kuchiviika m'madzi. Luwiza pano akuti ndinamuchititsa manyazi mnyamatayo. Lemba, mwana iwe.

Ndinamuuza Zuze anditengere pamalopo. Tinapita dzuwa lili pamutu. M'njira pakamwa pake sipanapume: akuti ku Beira azungu amagula zoterezi ndi madengu, zamoyo amadya, zigoba amaika pa tebulo. Akuti kalaliki wa boma wa ku Chifunde akhoza kukondwa kumva.

Titafika anandionetsa pamwala pamene anatola. Panali manyi a katumbu, atsopano, ndi tizibenthu ta zigoba. Ndinakwinya nsalu, ndinalowa m'madzi monga munkachitira inu, osagwira ndi manja, kufufuza ndi zala za kumapazi m'matope. Madzi atafika m'chiuno, ndinaponda chinthu chakuthwa msana. Ndinasuntha phazi, china. Kenaka china. Nkhombe imodzi inatseka pakamwa pansi pa chala changa, ndinaimva. Amayi, zabwerera. Zili phee m'matope, mwina zinalimo nthawi yonseyi, zikudikira kuti tiziiwale.

Zuze ali pamtunda, atanyamula nsapato zake m'manja, anafunsa ngati ndapeza kanthu. Ndinamuyang'ana, n'kukumbuka madengu ake a ku Beira. Ndinati mulibe kanthu, ndi miyala yokhayokha, katumbu anadya yomaliza.

Choncho mnyamatayo sananame, ndavomera. Koma kusanama ndi kwina, kusunga pakamwa ndi kwina. Mkamwini adzamanga pakhomo pathu, adzamwa madzi a dziwe lomweli. Ankhoswe ndawauza adikire mpaka mvula igwe. Ndikaona mapazi achilendo kapena khasu pa Kamwala, nkhuku imene anabweretsa ankhoswewo ibwerera ndi nthenga zake zonse. Dziwe likakhala bata, ndidzamuumbira ndekha Luwiza mbiya ya ukwati.

Apa lapi yaima. Luwiza akundiyang'ana, chifukwa za m'matopezi wazimva lero, ndipo misozi yalengeza. Ndamuuza kuti naye ndi mdzukulu wa woumba: tiona ngati adzasunge dziwe kapena adzakanong'oneza wa nsapato.

Chigoba chija ndayesa kale kupalira. Chikulira pa dongo monga chinkalirira chanu.

Ndikulonjeza, Amayi, ndili moyo khasu silidzalowanso m'madzi amene aja. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nankhoma