Zikhomo za Amake Vaileti ku Lobi

Chinsapo 2,
Lilongwe.
15 Seputembala, 2024.

Okondedwa achimwene a Pemphani,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chinaleka? Kuno tilipo. Vaileti akuyamba Fomu 3, ine ndikadali pantchito m'sitolo muja. Fumbi lachuluka, madzi pa kiyosiki akuvuta, ndipo bondo langa lija silinasiye kundikumbutsa kuti lilipo.

Ndikanakuimbirani foni, koma nkhani iyi pakamwa ikundikanika, n'chifukwa chake ndalemba.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kutsegula sutikesi ya alamu anu, malemu Zipora. Pansi pa zitenje ndinapeza kope la sukulu. M'menemo anajambulamo nyumba ija ankainena, yoti tizikapumuliramo pa tchuthi kwawo ku Lobi.

Mukukumbukira zikhomo zachitsulo zimene anakhoma pamalo amene amayi awo anawapatsa? Kwa zaka zitatu, tikapita kumudzi, iwo ankaima pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo. Ankakhoma chikhomo n'kumangapo kansanza kofiira, koyera kapena kakuda. Anthu anayamba kunong'ona kuti amake Vaileti akutsirika malo ndi mankhwala a m'tauni. Ine ndinamva, koma sindinawaikire kumbuyo. Ndinkachita manyazi. Tsiku lina atandiuza kuti akutsata dzuwa, ndinaseka n'kuwayankha kuti dzuwa silinasocherepo. Sanandiuzenso kanthu.

Kopelo ndinapita nalo kwa a Nedson, mmisiri wa nyumba wa ku Mchesi amene timapemphera limodzi. Ndinawapeza ali pantchito. Ndinkayesa kuti angoliyang'ana mwaulemu n'kundibwezera, koma anakhala pa njerwa n'kuwerenga mpaka simenti inayamba kuuma mu wilibala. Kenako anandifunsa kuti mayiwa anaphunzira kuti zomangamanga.

Ndinawauza zoona, kuti analekeza Sitandade 6, ndipo zaka khumi ndi ziwiri ankakolopa ndi kusita m'nyumba ina ku Area 47. Nyumbayo inali ya magalasi akuluakulu. Mu Okutobala mafani ankazungulira tsiku lonse, mu Juni eni ake n'kumaotha magetsi. Malemu ankakonda kunena kuti nyumba ija imadya magetsi ngati ya njala chifukwa anaimanga osalifunsa dzuwa.

A Nedson ndiwo anandimasulira. Pakati pa malo paja pali chitsulo chachitali. Nsanza zofiira zikuonetsa pamene mthunzi wake umafika mu Juni, zoyera mu Okutobala, zakuda mu Disembala. Nthawi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye mawindo aakulu anawaika kumeneko kuti lizilowa. Nthawi yotentha limadutsa pamutu penipeni, ndiye denga la khonde analitalikitsa mongokwanira kulitsekereza. Khoma la kumadzulo ndi lokhuthala, la zidina, lopanda windo. Mbali imene mwera umachokera kuli timawindo ting'onoting'ono. Pansi pa malata pali siling'i ya bango, ndi mpata woti mpweya wotentha uzitulukira. Mbaula ya dothi ili pakhoma lomwe limagundana ndi chipinda chogona, kuti moto wophikira uzifunditsanso ogona. A Nedson akuti sola imodzi yaing'ono idzakwanira, poti nyumbayo sidzafuna fani. Njerwa zootcha sizikufunikanso, ndiye mtengo ngakhale umodzi sudzagwa.

Loweruka lotsatira anadula katoni motsata miyeso ya m'kope, n'kupanga kanyumba. Anakaika pa thabwa panja, dzuwa likuswa mtengo. Analipendeketsa thabwalo n'kunena kuti umu ndi mu Okutobala. Ndinasuzumira, m'kati munali mthunzi wokhawokha. Analipendeketsanso kuti likhale ngati mu Juni. Kuwala kunalowera pawindo, kunayenda pansi pang'onopang'ono, n'kukaima pafupi ndi khoma. A Nedson anatsegula kope n'kundilozera malo omwewo. Pamenepo malemu analembapo kuti pakhale mpando wa bambo a Vaileti, chifukwa cha bondo.

Achimwene, ndinakhala ndi munthu ameneyu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinkadziwa kuti ndi wakhama, koma sindinkadziwa kuti m'mutu mwake munkayenda dzuwa la chaka chonse. Akalipentala oyandikana ndi a Nedson anasiya kupala matabwa n'kudzaunjikana. Mmodzi anaseka kuti mayiwa akanakhala moyo, a Nedson akanakhala wowapondera matope. A Nedson sanatsutse. Ine ndinapita kukaima kumsewu kwa kanthawi. Safunsa anadya phula, ndipo munthuyo ndine.

Tsopano pempho langa ndi ili. Vaileti wamva kwa msuweni wake kuti alamu a Joe, mlongo wa malemu, akufuna kuitana mneneri kuti adzazule zikhomozo anthu asanayambe kusosa. Akuti ndi zimene zinadwalitsa mlongo wawo. Ndikudziwa kuti ine ndine mkamwini, ndipo mwezi wamawa andisudzula. Pamalo paja ndilibe mawu. Koma inu ndinu munali nkhoswe ya ukwati wathu, adzakumverani.

Chonde pitaniko sabata ino. Muwauze alamu a Joe mofatsa kuti malowo sindikuwafuna. Nyumbayo idzakhala ya Vaileti, m'mudzi wa amake, ine ndizidzafika ngati mlendo akandilola. Ndikungopempha kuti zikhomo azisiye mpaka Loweruka loyamba la Okutobala, pamene ndidzabwere ndi a Nedson ndi katoni ija. A Nedson akuti atha kuyezanso malowo ndi tepi, koma miyeso ya m'kope ndi ya mapazi a malemu, kuchokera pa chikhomo china kufika pa china. Zikazulidwa, nyumba imene idzamangidwe idzakhala ya a Nedson, osati ya Zipora.

Muwapemphenso kuti tsikulo aitane onse amene ankanong'ona aja, ndi mneneriyo abwere ngati afuna. Ndidzawaonetsa masana, aliyense asuzumire yekha. Sindidzakalipira munthu. Ndidzangoyamba ndi kuwauza kuti woyamba kumukayikira mlongo wawo anali mwamuna wake.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi ana onse. Vaileti akuti moni kwa agogo ake, ndipo akuti katoniyo adzanyamula yekha pamiyendo m'minibasi.

Ndine mng'ono wanu,
Gilford