Mwala Umene Ndinasainira pa Manda a Agogo Cato

Port Gibson, Mississippi
9 Epulo 2011

Wokondedwa mlongo wanga Ezell,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Detroit kumeneko, iwe, mlamu Geneva ndi ana? Bondo lija linakusiya, kapena ukukakamirabe kukwera padenga ngati mnyamata? Kuno tilipo, shuga wanga watsikako. Amene sali bwino ndi azakhali a Lurlene. Mtima ukufooka, miyendo yatupa, ndipo adokotala sakutilonjeza kuti afika Juni.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni ungandidule pakamwa ndisanamalize. Ndalakwa, Ezell, ndipo ndalakwira manda.

Mu Januwale kunabwera mzungu wina, a Whitlow, a bungwe lija la zidzukulu za asilikali a Kum'mwera amene anamenya nkhondo yofuna kudzipatula kuti asunge ukapolo. Munthu waulemu, chipewa m'manja, sanakhale pansi mpaka nditawauza. Anati akufufuza za agogo Cato, agogo awo a bambo athu, amene anali kapolo, ndipo anatulutsa chithunzi.

Ukudziwa kuti nkhope ya agogowo sitinaionepo. Mphuno ndi ya bambo, makutu ndi ako enieni otambalala aja. Anavala jekete lotuwa la asilikali, mamendulo pachifuwa, ndipo chithunzicho chinalekezera pachifuwa pomwepo.

A Whitlow anati munthu wotere sayenera kugona pansi pa mbale yosweka ndi zigoba za nkhono, monga makolo anawaikira. Bungwe lawo liika mwala wabwino mwaulere, bola wachibale mmodzi asaine. Ndinafunsa ngati chithunzicho andisiyira. Atavomera, ndinasaina. Sindinafunse azakhali, sindinafunse iwe, ngakhale pepalalo sindinaliwerenge mpaka pansi, ine amene ndaphunzitsa ana kuwerenga zaka makumi atatu.

Mwalawo anauika sabata yatha. Palembedwa kuti Cato Tolliver, msilikali, ndi dzina la gulu limene munali mwana wa mbuye wawo. Pambali azikapo kambendera kaja ka asilikali a Kum'mwera. Mbale ndi zigoba anazisesera kumpanda.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, kumanda kunali ngati kumsika. Roscoe, mwana wa bambo aang'ono, anali kumwetulira yekha, akuti azungu avomera tsopano kuti nafenso tinamenya nkhondo, ulemu wabwera wokha tiukanirenji. A dikoni Gaither anamufunsa kuti msilikali wanji wopanda mfuti, amene akathawa amamusaka ndi agalu. Roscoe akuti zipolopolo sizinkafunsa ngati wanyamula mfuti kapena poto. A Gaither akuti ndiye bulu wokoka ngolo naye amuikire mwala, poti nayenso zinkamudutsa m'makutu. Anthu anaseka, ine ayi. Abusa ankangoyang'ana nsapato zawo.

Azakhali anaumirira kuti tiwakankhe pa chikuku mpaka pamwalapo. Anawerenga mawu onse olembedwapo. Titafika kunyumba anandituma Baibulo lawo lakale, n'kusololamo chithunzi chomwecho, koma chathunthu.

Ezell, m'manja monse muwiri agogo agwira nkhuku zamoyo, mitu pansi. Kumbuyo kwawo nkhalamba zachizungu zikuseka mano onse pamtunda. Azakhali akuti pamisonkhano ya asilikali akale ankawaveka jeketelo ndi mamendulo ogula kusitolo, n'kuwayendetsa mumsewu ndi nkhukuzo, kuonetsa mmene ankabera anthu nkhuku zodyetsa mwana wa mbuye wawo kunkhondo. Azakhaliwo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene anaona agogo akubwerako. Akuti agogo anavulira jeketelo pakhonde, n'kulisiya pomwepo, ndipo sanadye masiku awiri. Chithunzicho azakhali anachibisa zaka zonsezi kuti ife tisadzawaone choncho.

Akuti ntchito ya agogo inali kuphika, kuchapa ndi kukumba maenje. Sanathawire kwa asilikali Akumpoto, amene ankamasula akapolo, chifukwa mayi awo ndi mlongo wawo anatsala kumunda wa thonje, ndipo mbuye anawauziratu chimene chidzawaonekere akathawa. Pepala la penshoni ya agogo, limene a Whitlow akulinyadira ngati umboni wa usilikali wawo, lili ndi funso lakuti mwini wako anali ndani. Msilikali amamufunsa zimenezo?

Atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koyamba anawatenga osawafunsa. Kachiwiri wawapereka ndiwe, Verlean."

Malo oti azakhali adzaikidwe ali pambali pa agogo, anadzisankhira ife tili ana. Tsopano akuti pansi pa mbendera imeneyo sagona, tikawaike kumanda a tauni, pakati pa anthu osawadziwa. Awauza kale abusa zimenezi. Ine sakundilankhula. Ndikapita kukawasambitsa amatembenukira kukhoma, mayi amene anatilera amayi athu atamwalira. Zikundipweteka kwambiri, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala.

Ndinawaimbira a Whitlow. Anandimvetsera mwaulemu womwe uja, kenako anati mwala ndi wa bungwe, pepala ndinasaina, ndipo pa 25 mwezi uno abwera ndi mayunifomu ndi mfuti kudzaomba m'mwamba polemekeza agogo. Komiti yathu ya manda yati ingawaletse ndi kuzula mwalawo ngati mwamuna wa dzina la Tolliver adzaime pamaso pawo Lachitatu pa 20. Siginecha ya mkazi inakwana kuika mwala, koma pouchotsa akuti yachepa. Amuna otsala ndinu awiri, iwe ndi Roscoe.

Ndikudziwa kuti unalumbira pamaliro a bambo kuti ku Mississippi sudzapondakonso. Sindikupempha kuti undikhululukire. Udzandikalipire pachipata pomwe, ndidzaima chilili kumvetsera. Koma bwera.

Dzulo azakhali analankhula, osati kwa ine, koma kwa nesi, ine ndili pomwepo ndikupinda nsalu. Anamufunsa kuti kuchokera ku Detroit pagalimoto ndi masiku angati, poti ndege Ezell amaiopa. Nesi anati awiri. Azakhali anati ngati ndi awiri okha, ayesetsa kudikira.

Undiperekere moni kwa Geneva ndi kwa ana, Lamar ndi Denise. Ambuye akusungeni nonse, ndipo akuyendetse bwino pamsewu.

Ndine mlongo wako,
Verlean