Choko Ndamusiyira Gilda

Loweruka, 8 Malichi 2025
Milton, mnyamata wa m'kalasi mwanga, wandionetsa samu yake, ine kuona chifunga chokhachokha. Ndangoti, “Werenga mokweza.” Adokotala ati ndi ng'ala, opaleshoni ku Quelimane.

Kalasi ya Loweruka imeneyi ndinaiyamba ndekha pakhonde la tchalitchi, kuphunzitsa masamu ndi Chipwitikizi ana a m'tauni muno, ana a ogulitsa mumsika ndi onyamula katundu pamalire. Mwatuluka manesi, aphunzitsi, ndi injiniya mmodzi ali ku Nampula. Ndiisiyire ndani?

Lachiwiri, 11 Malichi
Bambo mfumu akuti, “Professora Anastácia, tingotseka mpaka muchire.” Ndakana. Tikatseka mwezi umodzi, atsikana ambiri awakhazika pamsika, sabwereranso.

Ndaimbira Gilda, amene anakulira m'kalasi momwemu. Pano akuphunzitsa pulayimale ku Mongue.
“Amayi, ana a sekondale ine ndingawathe?”
“Suja unandikonza samu pamaso pa anzako uli kamtsikana? Uwatha.”

Loweruka, 15 Malichi
Gilda wafika fumbi lokhalokha. Waika ana m'magulu, phokoso ngati pa siteji ya minibasi. Samu imodzi waifotokoza m'Chipwitikizi, m'Chinyanja, kenako m'Chilomwe. Ine sindiphunzitsa chonchi. Pakamwa pamandiyabwa, koma ndamusiya apitirize. Vitória, amene chaka chonse sanayankhulepo, wapita yekha kubolodi.
Kansanje pang'ono. Ndavomera.

Lachinayi, 27 Malichi
Opaleshoni inayenda bwino, lero achotsa bandeji. Ndaona makwinya onse a nkhope yanga, abale!

Loweruka, 12 Epulo
Sindinauze aliyense kuti ndabwera. Ndalowera khomo lakumbuyo. Holo ya tchalitchi yomwe timaphunziriramo pano yodzaza, ena akhala pa mawindo, nkhope zina zachilendo. Gilda ali kubolodi, choko mpaka m'tsitsi, akukangana ndi Milton za yankho. Zilembo zonse ndimaziona bwinobwino: Milton ndiye amalondola. Ndisanatsegule pakamwa, Gilda waseka.
“Wandigwira. Bwera udzatiphunzitse iwe.”

Kamtsikana kena katsopano kandikoka chitenje.
“Mayi, mwabwera kudzatenga mwana wanu? Sitinaweruke.”
“Ayi, ndabwera kudzamvera.”
“Ndiye khalani apa, koma musalongolole.”
Kasendera. Ndakhala.