Ndinakutchulani Dzina pa Mtsutso, Abambo

Area 25,
Lilongwe.
Lolemba.

Okondedwa Abambo,

Masiku awiri tsopano tulo takanika, ndipo amene mwandilanda tuloto ndinu, ngakhale simukudziwa kanthu. Mtima ukudumpha ndi chimwemwe, kenaka mantha n'kundigwira, kenaka chimwemwe chija n'kubweranso. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni ndikangomva mawu anu ndimaiwala zimene ndaimbira, n'kuyamba kufunsa za nkhuku.

Koma ndiyambe ndi ulemu. Muli bwanji kumeneko ku Kamwendo? Bondo lija lasiya kutupa? Amayi akumwabe mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, kapena ayambanso kunena kuti achira? Soya mwamaliza kupuntha? Ine kuno ndili bwino, Ambuye akundisunga.

Nkhani yake ndi iyi. Achinyamata a mipingo itatu, wathu uno, wa ku Mgona ndi wa ku Kauma, anakonza mtsutso ngati uja tinkachita ku sekondale, ndipo wailesi ina inabwera kudzajambula mawu. Mutu wake unali wakuti dziko lathu lituluke mu COMESA, mgwirizano uja wa malonda umene umachititsa kuti a kalabu yanu aziwoloka ndi soya kupita ku Chipata popanda mapepala ambirimbiri. Musadzidzimuke, boma silinanene kuti tikutuluka. Ndi mkangano wa anthu chabe, koma wafika paliponse. M'minibasi, ku msika wa Nsungwi, ngakhale pa chigayo, ukangoti zinthu zakunja zadzaza m'masitolo, basi anthu agawikana pawiri mpaka wina apitirire siteji yake.

Pa mtsutso munthu sasankha mbali. A Dumisani, mkulu wa mpingo amene amayang'anira achinyamata, anaika timapepala m'chipewa chawo. Ndinapemphera chamumtima kuti nditole kolembedwa kuti tikhalemo, poti ndi zimene ndakula nazo. Ndinatola koti titulukemo. Ndinapempha kuti ndisinthane ndi mnzanga, a Dumisani anakana, ati chipewa chawo sichimva madandaulo.

Poyamba ndinkaganiza kuti ndingoloweza mfundo ziwiri zitatu, ndikalankhule, ndigonje mwaulemu. Koma nditayamba kufunsafunsa ku ntchito kwathu ku Kanengo, maso anga anatseguka. Sindinakuuzeni kuopa kukudandaulitsani, koma fakitale yathu ya mafuta ophikira tsopano ikugaya masiku atatu okha pa sabata. Akuluakulu akuti soya akusowa chifukwa wambiri akutuluka kunja, pomwe m'masitolo mwadzaza mafuta ochokera kunja komweko. Mirriam, mnzanga amene timamata naye mapepala pa mabotolo, anamuuza kuti akadikire kunyumba mpaka adzamuitane. Mwezi watha, foni yake ili zii, ndipo ali ndi ana awiri. Nditapita kukamuona ku Kauma ndinamupeza akukazinga zitumbuwa zogulitsa ndi mafuta akunja omwewo, ati nanga atani poti ndiye otsika mtengo. Tinaseka, koma pobwerera ndinalira m'minibasi.

Tsono Loweruka lija, Abambo, mukanaona! Holo ya mpingo inadzaza mpaka ena anakwera njerwa kusuzumira pa mawindo. Amayi a Chigwirizano anabwera gulu, n'kukhala kutsogolo ngati pa ukwati.

Anayamba ndi wa mbali inayo, Gordon, mphunzitsi wa ku Mgona, kwawo ku Ekwendeni. Mnyamata ameneyu pakamwa ali napo. Ati dziko lathu lilibe doko, ndiye petulo, feteleza ndi mchere zonse zimadutsa pabwalo pa anansi athu. Ati ukawatsekera chitseko nawonso atseka chawo, ndiye shuga ndi mtedza wathu tidzagulitsa kwa yani? Anatchula amayi a zitenje ndi tomato amene amawoloka boda m'mawa n'kubwerera madzulo, ati amenewo ndiye oyamba kugona ndi njala tikatuluka. Mkulu wina kumbuyo anakuwa kufunsa mbali yathu ngati mcherewo tizidzakumba ku Kanengo. Holo yonse inafa ndi phwete.

Itafika nthawi yanga ndinapita kutsogolo. Ndinatulutsa m'chikwama mabotolo awiri a mafuta, lathu ndi lakunja, n'kuwaimika pa tebulo. Ndinati soya wathu amatuluka m'dziko muno ali m'thumba, amabwerera ali m'botolo, ndipo ntchito yonse ya pakati pa thumba ndi botolo imatsala kunja. Ndinati mwana amene akuphunzira kuyenda simumuika pa mpikisano ndi akuluakulu, ndiye mafakitale athu atetezedwe kaye akule. Ndinasimba za Mirriam osamutchula dzina. Nthungululu zimene zinamveka pamenepo sindinazimvepo chibadwire. Mayi wina wa Chigwirizano anaimirira, ati ndiwauze, ndisawasiye, mwana wa ndani ameneyu!

Apa ndi pamene ndinachimwa, ndipo ndinena mosabisa. Mawu aja atandikomera m'kamwa, funso la mayi uja ndinaliyankha. Ndinati ndine mwana wa a Gilford Chiutsi a ku Kamwendo, mlimi wa soya, mkulu wa mpingo. Dzina lanu loyamba, limene sindinalitulutsepo pakamwa panga kupatula kulilemba pa fomu ya mayeso, ndinalitchula pa maikolofoni. Sindinalekere pomwepo. Ndinati bambo anga amawolotsa soya kupita ku Chipata, ndipo soya wa bambo anga ndi amene akuchotsa mwana wawo ntchito. M'manja munalira ngati mvula pa malata. Choipa kwambiri n'chakuti ndinasangalala. Sindinaganize za inu ngakhale pang'ono. Ndinkangomva kukoma.

Gordon sanandisiye. Poyankha anati soya yemweyo ndi amene anandifikitsa Fomu 4, ndiye pakamwa pamene ndikunyozera soyapo ndi pa soya pomwe. Ati bambo Chiutsi akanapitiriza kugulitsa kwa mavenda a sikelo zonama aja, bwenzi lero mwana wawo akutola nkhuni, osati kuimika mabotolo pamaso pa anthu. Anthu anaseka mpaka benchi ina inapendekeka. Gordon ananena zoona.

Komabe oweruza anapereka chipambano kwa ife! Abambo, ndinapambana! Ine amene kusukulu ndinkangonyamulira anzanga mabuku pa mitsutso. Anthu osawadziwa ankandigwira chanza, ndipo dzulo ku tchalitchi ana ankanditcha Anti Mabotolo.

Tchimo lachiwiri linabwera pomwepo. Mayi Tamara, amene amayendetsa pulogalamuyo pa wailesi, analengeza kuti ndime yomaliza idzakhala Loweruka la sabata ya mawa, m'holo yaikulu, ndipo anthu adzamva nthawi yomweyo m'dziko lonse. Ati si bwino kumuweruza mlimi iye kulibe, ndiye bambo Chiutsi abwere adzakhale mbali ya Gordon, adzadziyankhire okha pamaso pa mwana wawo. Anandilozetsa maikolofoni n'kufunsa ngati mungabwere. Ndinati abwera. Osakufunsani, osakuimbirani, ndinakulonjezani kwa anthu ngati ndikubwereketsa mpando.

Mwina mukufunsa kuti nanga ineyo ndikukhulupirira ziti. Kunena zoona sindikudziwanso. Ndikakumbukira nkhope yanu chaka chija mavenda anakuikirani mtengo pakhomo panu pomwe, inu n'kungoyang'ana matumba akukwezedwa, ndimati Gordon akulondola. Ndikakumbukira Mirriam ndi chiwaya chake, ndimati ayi, pali china cholakwika. Mwina nkhani si kutuluka kapena kukhalamo, mwina vuto lili penapake pakati pa Kamwendo ndi Kanengo. Ndazindikira kuti moyo wanga wonse sindinakufunsenipo chifukwa chimene soya wanu amapitira kumadzulo m'malo mobwera kuno kumene kuli fakitale imene ikumulira. Inu mukudziwa. Gordon amawerenga m'nyuzipepala, ine ndimamata mapepala pa mabotolo, koma amene amaima pa sikelo ndinu. Ndikufunitsitsa anthu amve yankho lanu, ndipo inenso ndilimve.

Dzulo titaweruka ku tchalitchi ndinapita ku Chinsapo kwa azakhali a Veronica kukaulula. Anagwira pakamwa. Ati mwana wamkazi kuima chilili, kutsutsa bambo ake omubereka, mkulu wa mpingo, dziko lonse likumvetsera, zimenezo kwathu sizinaonekepo. Ati anthu a ku Kamwendo sadziwa za chipewa cha a Dumisani, iwo adzangomva kuti mwana wa a Chiutsi wapita m'tauni wayamba mwano. Kenaka ati ngati zakanika kuzipewa, ndikatsutse nditagwada. Asuweni a Dalitso, mwana wawo uja, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, ati ndiye maikolofoni akaiike pa mphasa. Azakhali anawathamangitsa ndi chipande, koma ine ndinaona kuti mawu a azakhaliwo ali ndi nzeru. Inu mumaima kutsogolo kwa mpingo kulangiza ana a eni, ndiye wanu akamveka chonchi anthu adzati chiyani?

Madzulo ake ndinakaonana ndi abusa. Ndinkayembekezera kuti andiletsa kapena andilola, koma sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Ati lamulo lachisanu lolemekeza makolo silipita ku tchuthi chifukwa kuli mtsutso, koma mwini ulemu ndi amene anganene ngati wanyozedwa. Ati ndifunse bambo anga, ndipo ndiyambe ndi kupepesa.

Ndiye pepani, Abambo. Pepani chifukwa cha dzina lanu, pepani chifukwa cha mawu aja a ntchito, pepaninso chifukwa chokulonjezani musanavomere. Ndapempha kale chikhululuko kwa Mulungu, chatsala chanu.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzanditsutse, ndipo mundilole nanenso ndikutsutseni kwa mphindi zisanu ndi ziwiri zimene amapereka. Zimene anajambula Loweruka aziulutsa Lamulungu likubwerali, 2 koloko masana, nthawi imene anthu kwanuko amakhala ataweruka ku tchalitchi ndipo mawailesi ali pakhonde. Mayi Tamara andiuza kuti ndikawadziwitsa pofika Lachinayi masana, adula mbali yonse imene ndinakutchulani, ndipo pa ndime yomaliza padzaima munthu wina m'malo mwanga. Mukakana, ndichita zomwezo. Sindinama kuti sizidzandiwawa, chifukwa ndikuufuna mtsutso umenewu kuposa mmene ndinafunirapo chinthu china chilichonse. Koma sindingaime pamenepo inu musanandilole.

Mukavomera, malo ogona alipo kwa azakhali, ndipo ngakhale akukalipa, ayamba kale kufunsa ngati jekete lanu lakuda lija likadali bwino. Ndidzakuchingamirani ndekha ku depoti, bondolo lisadzavutike ndi kukwera ndi kutsika.

Kalatayi ndapatsira a Josiah, oyendetsa minibasi ya ku Mchinji, aisiya mawa pa golosale ya pa siteji. Mupereke moni kwa Amayi. Muwawerengere kalatayi nokha, atamwa kale mankhwala, asamve kwa anthu. Moni kwa agogo, kwa amalume a Zaki ndi banja lawo, kwa mng'ono wanga Thandie ndi alamu, ndi kwa onse a kalabu ya soya. Amenewo musawauze kaye.

Chomaliza, Abambo. Mukabwera musadzandimvere chisoni poti ndine mwana wanu, anthu adzaona kuti tapangana. Mudzandipanikize ngati mmene mumachitira ndi ogula amene akufuna kukuberani. Nanenso sindidzakunyengererani, ndipo zimenezo ndikupepeseratu lero. Muyankhe pa foni ya Thandie lisanafike Lachinayi masana. Mawu amodzi okha akwanira, eya kapena ayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Sungeni