Wamasiye wa M'sutikesi

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tadzuka, kupatula bondo langali lomwe layamba kudana ndi masitepe a kuntchito.

Amayi ako anandipeza dzulo kuntchito kwanga kosindikizira mabuku kuja. Akuti mayeso olowera kusukulu ya zisudzo atsala masabata atatu, ndipo ukayankhula wekha zigawo ziwiri: china cha m'sewero lolembedwa zaka zoposa zana zapitazo, china cha wolemba wamasiku ano. Akutinso pafomu pamafunika dzina la wolemba ndi chaka, ndipo wosokoneza nyengo amamubwezera pakhomo.



Mphwanga, ndinakulakwira. Mawu aja a mayi wamasiye wokana kupereka lupanga la mwamuna wake kwa asilikali, amene ndinakuuza kuti ndi a zaka mazana atatu, si akale ayi. Ndinalemba ndine, ndili mnyamata. Sewero lonse lakhala m'sutikesi, palibe analiwerengapo.

Utandipempha chigawo chakale, ndinaopa kuti ukadziwa kuti ndi cha malume ako onunkha inki, ungochiyamikira mwaulemu. Ndiye ndinachisindikiza papepala lachikasu, ndi zilembo zopindikapindika.

Kenako unaimba foni kuti unalira pochiloweza, kuti anthu akale ankadziwa kulemba. Ine ndinangoti eya. Ndinakondwa, mwana iwe, sindibisa. Ndinakondwa mpaka ndinakusiya utaye miyezi iwiri pa bodza langa.

Lero ndinapita kulaibulale. Nditafotokoza nkhani yanga, mayi woyang'anira mabuku anayamba wandiseka, kenako anandisankhira zigawo zitatu zakale zenizeni, chilichonse chili ndi dzina ndi chaka pamwamba. Zili m'envelopu momwemu. Yambira chachiwiricho, n'chachifupi, ndipo mutu wako umagwira msanga.

Changa chija ukhoza kuching'amba, sindikuimba mlandu. Koma amayi ako akuti chamasiku ano sunasankhebe. Mkwiyo ukakuphwa, dziwa kuti wolemba wa wamasiyeyo ali moyo, ndipo dzina lake umatha kulilemba osafunsa munthu.

Undiperekere moni kwa mnzako wogona naye chipinda, yemwe akuti naye waloweza mawuwo chifukwa chokumva tsiku ndi tsiku. Umuuze kuti andikhululukire nayenso. Mulungu akutsogolere, lilime lisakakupunthwe pa tsikulo.

Ndine malume ako,
wolemba masewero wamasiku ano, ukalola iweyo