Galimoto ya mipando iwiri

Lachinayi. Kwatentha tsiku lonse, ndipo thupi likungowawa.

Achimwene Yusufu abwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira, yaifupi ngati ikukwawa. M'mawa anaima pakhomo n'kuyamba kuseka yangayi. "Dokotala wathunthu, sukulu yonse ija, n'kumayendera chiphapha ichi?" Ndinaseka nawo, koma zinandiwawa. Yawoyo ndinaisirira, ndisaname.

Masana, pochokera ku kiliniki ya ku Nkope, anthu anandiimitsa pamsewu. Galimoto yanga amaidziwa onse. Msodzi wina, che Saidi, ng'ona inawagwira mwendo akuchapa ukonde. Tinapinda mpando wakumbuyo n'kuwagoneka pamphasa imene ndimayenda nayo, akazi awo atawagwira mutu. Ndinamanga mwendowo ndi chitenje, koma magazi anali atatayika kale ambiri. Anatisiya tikulowa pageti la chipatala.

Mayiwo sanalire. Anangoti, "Adokotala, ife Asilamu maliro sagona. Tikawaike lero lomwe." Ambulansi inalibe mafuta. Ndinatembenuza galimoto n'kubwerera ku Nkope ndi anthu omwe aja, mmodzi atafunditsidwa nsalu kumaso.

Ndatsuka mkati kawiri ndi sopo, koma fungo silikuchoka. Achimwene anandipeza ndikutsuka, akuti mawa andikweze yawo ija ndikamve liwiro. Ndinasuzumiramo. Mipando iwiri basi. Ndinawafunsa kuti munthu wosatha kukhala tsonga amagona pati. Iwo anaseka, kuyesa nthabwala.

Mphasa ija ndaiyanika pawaya. Ikauma ndiibwezeramo.